PHUNZIRO LA CHIGWIRIZANO: KODI YESU NDI MULUNGU KAPENA NDI CHOLENGEDWA?

Werengani: Yohane 1:1-18, Afilipi 2:5-11, Ahebri 1



Mwina izi zinakuchitikiranipo. Mwangobwera kumene kuchokera kudimba, mphika uli pamoto, ndipo mukumva odi pakhomo. Mukatuluka mupeza amayi awiri ovala bwino, zikwama m'manja. Akupatsani moni mwaulemu, inu muwapatsa mphasa. Atafunsa za ana ndi za mvula, mmodzi atsegula Baibulo pa Yohane 14:28, pomwe Ambuye Yesu akunena kuti Atate amawaposa. Ndiye akufunsani mofatsa kuti, "Nanga amayi, ngati Yesu mwini wake akutero, inu kumpingo kwanu mumanenanji kuti iye ndi Mulungu?" Inu mungoti, "Ife timakhulupirira Utatu." Iwo ati, "Tationetsani pomwe palembedwa mau akuti Utatu." Pamenepo mtima uyamba kugunda, ndipo mukumbukira kuti ndiwo zikupserera.

Ambiri a ife timathawira ku mphika motero. Koma funsolo silichoka pakhomo. Mawa adzafunsidwa ndi mwana wanu wa ku sekondale, kapena mpongozi wanu amene wangobwera kumene m'banja, ndipo iwo adzabwera kwa inu kuti muwayankhe. Nchifukwa chake phunziro la ulendo uno lakhala lalitali pang'ono. Musaliwerenge mothamanga, ndipo Baibulo likhale lotsegula pambali panu.

Alendo athuwa ndi ndani?

Amene amafika kawirikawiri ndi funsoli ndi a Mboni za Yehova. Gulu lao linayamba ku Pennsylvania, m'dziko la America, ndi Charles Taze Russell, amene anayamba kusindikiza magazini ya Watch Tower mu 1879. Dzina lakuti Mboni za Yehova analitenga mu 1931. Kuno kwathu chiphunzitsochi si chachilendo ai. Mu 1908, chaka chomwe amishoni athu anatsegula Nsadzu, Elliot Kamwana anayamba kulalikira za Watch Tower ku Nkhata Bay m'dziko la Malawi, nabatiza anthu zikwi zambiri. Tingati mipingo yathu yakulira limodzi ndi gululi, mudzi ndi mudzi.

Ife a ku Chadiza tili ndi chifukwa china chowadziwira. Boma la Malawi linaletsa a Mboni mu 1967, makamaka chifukwa anakana kugula makadi a chipani. Mu 1972 chizunzo chinakula, nyumba zao zinatenthedwa, ambiri anamenyedwa, ndipo zikwi zambiri anathawira kuno ku Zambia nasonkhanitsidwa pa msasa wa Sinda Misale. Malowa lero ali m'boma la Vubwi, koma nthawi imeneyo anali mbali ya Chadiza. Pamsasapo anthu ambiri anamwalira ndi matenda, makamaka ana. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Ndanena izi dala. Anthu amene analolera kusiya minda ndi nyumba chifukwa cha chikhulupiriro chao si anthu oti tiziwaseka kapena kuwaitana maina achipongwe. Chiphunzitso chao chokhudza Yesu tikuchikana, ndipo tichikana kolimba, koma mphasa tiziwapatsa ndithu.

Iwo amaphunzitsa kuti Yesu ndiye choyamba kulengedwa ndi Yehova, kuti asanabadwe mwa Mariya anali mngelo wamkulu Mikaeli, ndi kuti Mzimu Woyera ndi mphamvu chabe yogwira ntchito ya Mulungu. Baibulo lao, la Dziko Latsopano, limamasulira Yohane 1:1 mwa njira yakuti Mau asaoneke ngati Mulungu weniweni, mosiyana ndi Buku Lopatulika ndi Buku Loyera. Alipo enanso. Anzathu Achisilamu amalemekeza Yesu monga mneneri, koma amakana kuti ndi Mwana wa Mulungu. Otsatira uthenga wa William Branham amagwera mbali ina: amavomera kuti Yesu ndi Mulungu, koma amati Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera ndi maudindo chabe a mmodzi yemweyo. Tidzabwererako kumeneko, chifukwa ambiri a ife timalankhula ngati iwo mosadziwa.

Mkangano unayambira mu Africa

Cha m'ma 318, mumzinda wa Alexandria ku Egypt, munali mbusa wina wotchuka dzina lake Arius, wochokera ku Libya. Iye anaganiza motere: mwana aliyense amayamba pambuyo pa atate ake, ngati Yesu ndi Mwana, ndiye kuti inalipo nthawi imene iye kunalibe, tsono ndi cholengedwa, ngakhale chachikulu kuposa zonse. Ganizoli ndi losavuta kulimva, nchifukwa chake silifa. Arius analinso wochenjera, pakuti anaika chiphunzitso chake m'nyimbo zoti anthu aziimba pa ntchito ndi pa ulendo. Amayi a kwaya, imvani pamenepa. Chiphunzitso chimalowa m'mudzi msanga kudzera m'nyimbo kuposa mu ulaliki, choncho tiziyamba tayesa mau a nyimbo zatsopano tisanaziphunzitse ana.

Bishopu wake, Alexander, anamutsutsa, ndipo mkangano unafalikira mpaka mfumu ya Aroma, Constantine, inaitanitsa msonkhano ku Nicaea, m'dziko lomwe lero ndi Turkey, mu 325. Kunafika mabishopu pafupifupi 300. Msonkhano unagwirizana kuti Mwana ndi wobadwa kwa Atate koma sanalengedwe, ndi kuti chomwe Atate ali, Mwananso ali chomwecho. Mabishopu awiri okha, onse a ku Libya, ndiwo anakana kusaina. Chivomerezocho chinakonzedwanso ndi kuwonjezeredwa za Mzimu Woyera ku Constantinople mu 381, ndipo ndicho timachitcha Chikhulupiriro cha Nicaea. Mu 2025 mipingo ya padziko lonse inakumbukira kuti papita zaka 1,700 chichitikire msonkhanowo.

Mudzamva ena akunena kuti Constantine ndiye anapanga Yesu kukhala Mulungu pofuna kugwirizanitsa ufumu wake. Mbiri sikuvomereza zimenezo. Cha m'ma 112, zaka zoposa 200 msonkhano usanachitike, bwanamkubwa wina wachiroma wosapembedza, Pliny, analembera mfumu Trajan kuti Akhristu amasonkhana m'mamawa kusanache ndi kuimbira Khristu monga Mulungu. Ndiponso mafumu sanakhale mbali ya Nicaea nthawi zonse. Athanasius, amene anapita ku msonkhanowo ali mtumiki wachinyamata nakhala bishopu wa Alexandria mu 328, anapirikitsidwa pampando wake kasanu, ndipo woyamba kumupirikitsa anali Constantine yemweyo. Mwana wa Constantine, Constantius, anakondera otsutsa Nicaea kwa zaka zambiri. Athanasius anamwalira mu 373 asanaone mapeto a nkhondoyo. Mfundo yake inali imodzi: ngati Yesu ndi cholengedwa, ndiye kuti ife sitinapulumutsidwe, ndipo pomupembedza tikupembedza fano.

Nanga mau akuti Utatu? Musachite manyazi, vomerani kuti m'Baibulo mulibe. Amene amadziwika kuti anayamba kuwagwiritsa ntchito m'Chilatini ndi Tertullian wa ku Carthage, m'dziko lomwe lero ndi Tunisia, cha m'ma 200. Nayenso anali wa mu Africa. Mauwa ali ngati dengu lonyamulira zinthu zitatu zomwe Malembo amanena momveka: Mulungu ndi mmodzi; Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera aliyense amatchedwa Mulungu; ndipo Atate si Mwana, Mwana si Mzimu. Dengu tinaluka ndife, koma chimanga chake nchochokera m'munda wa Malembo.

Mavesi amene amationetsa

Yohane 14:28. Ambuye ananena mauwa usiku woti aperekedwa, ali m'thupi lotopa, atangosambitsa ophunzira mapazi. Afilipi 2:5-11 akutiuza kuti iye amene anali wofanana ndi Mulungu anadzichepetsa natenga malo a kapolo. Kapolo ali ndi womuposa. Monga munthu, Yesu anamva njala, anagona m'ngalawa, anakula m'nzeru, anapemphera, ndipo anatcha Atate Mulungu wake (Yohane 20:17). Ngakhale vesi lovuta la Marko 13:32, lonena za kusadziwa tsiku lomaliza, mpingo umalimva motero. Mavesi onsewa ndi oona, ndipo ife timawakonda, pakuti amatitsimikizira kuti anakhaladi mmodzi wa ife. Cholakwa ndi kuwerenga amenewa okha. Yohane yemweyo amene analemba 14:28 ndiye analembanso 5:18, 8:58, 10:30-33 ndi 20:28. Pa 8:59 ndi pa 10:31 Ayuda anatola miyala. Iwo anamvetsa bwino lomwe zimene Yesu ankanena za iye mwini.

Akolose 1:15. Pano Yesu akutchedwa woyamba kubadwa, ndipo alendo athu amati ndiye kuti ndi chisamba pakati pa zolengedwa. Koma m'Malembo dzinali limanenanso za ulemu ndi ulamuliro. Davide anali mzime m'banja la Jese, komabe pa Masalmo 89:27 Mulungu akulonjeza kumuyesa woyamba, kutanthauza wapamwamba pa mafumu. Efraimu anabadwa pambuyo pa Manase, koma pa Yeremiya 31:9 ndiye akutchedwa woyamba. Ife Achewa izi sitiyenera kudabwa nazo, pakuti amene amalowa ufumu si nthawi zonse amakhala wamkulu pa kubadwa, koma akangolowa onse amamugwadira. Ndipo musaime pa vesi 15. Pemphani kuti muwerengere limodzi vesi 16 ndi 17, pomwe Paulo akuti zonse zinalengedwa mwa iye ndi chifukwa cha iye, kuphatikizapo maulamuliro osaoneka, ndiye kuti angelo omwe. Yohane 1:3 akutsekeratu khomo ponena kuti palibe cholengedwa ngakhale chimodzi chimene chinakhalapo popanda iye. Akanakhala cholengedwa, bwenzi atadzilenga yekha.

Za Mikaeli sitichedwapo. Chaputala choyamba chonse cha Ahebri chinalembedwa kusonyeza kuti Mwana si mngelo. Angelo akulamulidwa kumugwadira (vesi 6), pamene pa Chivumbulutso 22:8-9 mngelo akukaniza Yohane kumugwadira.

Vesi limene inu mungawafunse

Musamangoyankha, nanunso funsani, koma mwaulemu. Dzina la Mboni za Yehova linachokera pa Yesaya 43:10, vesi limene iwo amalidziwa pamtima. Pemphani kuti aliwerenge mpaka kumapeto pamodzi ndi vesi 11. Pamenepo Yehova akunena kuti iye asanakhale kunalibe mulungu wina wopangidwa, ndipo sadzakhalaponso pambuyo pake, ndi kuti kupatula iye palibe mpulumutsi. Tsono funsani kuti: ngati Yesu ndi mulungu wamng'ono wopangidwa, akulowa pati m'vesili? Ndipo ngati palibe mpulumutsi wina koma Yehova, nanga Machitidwe 4:12 akunena za yani?

Atumwi anali Ayuda olimba, okhulupirira Mulungu mmodzi, koma anatenga mau onena za Yehova yekha nawaika pa Yesu osaopa. Yerekezani Yesaya 45:23 ndi Afilipi 2:10-11, za kugwada kwa bondo lililonse. Yerekezani Yoweli 2:32 ndi Aroma 10:9-13, za kuitanira pa dzina la Ambuye. Yerekezani Masalmo 102:25-27 ndi Ahebri 1:10-12, za Mlengi wosasinthika. Yerekezaninso Yesaya 44:6 ndi Chivumbulutso 1:17-18, pomwe woyamba ndi wotsiriza akunena kuti anafa ndipo ali ndi moyo. Lembani mavesi asanu ndi atatuwa pa kapepala, muike mkati mwa chikuto cha Baibulo lanu. Ine ndaona kuti mai wodziwa mavesi ochepa bwino lomwe amathandiza kuposa wodziwa ambiri mwapatalipatali.

Mafanizo athu otisokoneza

Apa ndidzudzule ife tomwe. Pa misonkhano ya amayi ndamvapo fanizo ili kangapo: "Ine ndine mmodzi, koma kwa ana anga ndine mai, kwa amuna anga ndine mkazi, kwa makolo anga ndine mwana. Ndi mmenenso alili Mulungu." Timaomba m'manja, koma fanizoli ndi lolakwa. Ndicho chiphunzitso chimene mpingo unachikana kalekale mwa munthu wotchedwa Sabellius, ndipo ndi chomwe a Branham amaphunzitsa. Kodi mai angadzitume yekha kumsika? Kodi angadzipemphe yekha? Koma Atate anatuma Mwana, Mwana anapemphera kwa Atate ku Getsemane, ndipo pa mtsinje wa Yordano onse atatu anaonekera nthawi imodzi (Mateyu 3:16-17). Mukapereka fanizoli kwa a Mboni, adzakufunsani kuti Yesu ankapemphera kwa yani, ndipo adzakhala akulondola kukufunsani.

Fanizo la mafuwa atatu nalonso limatsimphina, pakuti fuwa limodzi ndi gawo chabe la pophikira, pamene Mwana si gawo la Mulungu; chidzalo chonse cha Umulungu chili mwa iye (Akolose 2:9). Ndi bwino kunena zimene Malembo akunena ndi kuvomera kuti pena nzeru zathu zaperewera. Kuvomera kuti simungathe kulongosola zonse za Mulungu si kugonja pa mkangano.

Nkhoswe ya mbali ziwiri

Tsono nchifukwa chiyani tikulimbikira chonchi? Kodi sikokwanira kungokonda Yesu? Katekisma wa Heidelberg, wolembedwa mu 1563, amene ambiri tinaphunzirako m'kalasi, amayankha pa mafunso 12 mpaka 18. Mwachidule akuti mlandu wa tchimo uyenera kulipidwa. Munthu ndiye anachimwa, choncho wolipira ayenera kukhala munthu weniweni ndi wolungama. Koma palibe cholengedwa chimene chingasenze mkwiyo wa Mulungu pa tchimo ndi kupulumutsanso ena, choncho wolipirayo ayenera kukhala Mulungu weniweni. Chivomerezo cha Belgic cha 1561 chimaphunzitsa zomwezo pa ndime 10, 18 ndi 19.

Taganizirani za ukwati wa kwathu. Pamakhala ankhoswe awiri, wa kuchimuna ndi wa kuchikazi. Banja likagwedezeka, sitiitana munthu wongodutsa pamsewu, ngakhale akhale wanzeru chotani. Akuchikazi adzafunsa kuti, "Ameneyu ndi wa kwa yani?" Nkhoswe iyenera kukhala ya magazi a banja limene ikuliimira, kuti mau ake akhale mau a banjalo, ndipo ikalonjeza kanthu banja lonse lalonjeza. Pakati pa Mulungu ndi anthu panali mlandu waukulu, ndipo kumbali yathu kunalibe woyenera kuimirira, pakuti tonse tinali opalamula. Mngelo, kaya ndi Mikaeli, ndi mlendo kumbali zonse ziwiri. Si wa banja la Adamu kuti alipe m'malo mwathu, ndiponso si Mulungu kuti akati "ndakhululuka" mlandu utheretu. Alembi aja a pa Marko 2:7 anadziwa kuti wokhululukira machimo ndi Mulungu yekha. Chimene anaphonya ndi kusamuzindikira amene anaima patsogolo pao. Mwa Yesu mwakumana mbali zonse ziwiri. Ndi wa kwathu kudzera mwa Mariya, mkazi mnzathu amene anamuyamwitsa ndi kumubereka kumbuyo. Ndi wa kwa Atate kuyambira nthawi zosayamba. Msonkhano wa ku Chalcedon mu 451 unatsindika kuti Umulungu ndi umunthu wake sizinasakanikirane ndipo sizilekana. Fanizo langali nalonso lili ndi malire, pakuti Mulungu ndi ife sitili mabanja awiri ofanana, ndipo amene anatuma Nkhosweyo ndi wolakwiridwa yemweyo. Koma pamenepo mpamene pagona chitonthozo chathu.

Amayi a Chigwirizano, ndinu amene mumachezera pa maliro, mumasambitsa odwala, mumakhala pambali pa mai amene wataya mwana. Mukamuuza kuti Mulungu akudziwa chisoni chake, mumatanthauzanji? Ngati Yesu ndi cholengedwa, ndiye kuti Mulungu anakhala kumwamba natuma wantchito kuti akavutike. Koma ngati Yesu ndi Mulungu, ndiye kuti Mulungu mwini anaima pa manda a Lazaro nalira. Agogo akamamwalira akutchula dzina la Yesu, akuchita zomwe anachita Stefano pa Machitidwe 7:59, amene anapereka mzimu wake kwa Ambuye Yesu. Mzimu wa munthu superekedwa kwa mngelo. Ana athu tinawabatiza m'dzina limodzi la Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera (Mateyu 28:19). Kodi Mulungu akanaika dzina lake pamodzi ndi la cholengedwa ndi la mphamvu yopanda moyo pamphumi pa mwana?

Wina adzati, "Nanga ifenso si ana a Mulungu?" Inde ndife ana, ndipo Katekisma pa funso 33 akusiyanitsa bwino: Khristu yekha ndiye Mwana mwachibadwa ndi mwamuyaya, ife tinalandiridwa m'banjamo mwa chisomo chifukwa cha iye. Amene mukulera ana amasiye mukuzimvetsa izi kuposa abusa.

Akabweranso pakhomo

Alandireni, apatseni madzi akumwa. Gwirizanani mutu umodzi ndipo musalole kudumphadumpha. Vesi lililonse limene atchula, pemphani kuti muwerenge mavesi a kutsogolo ndi a kumbuyo kwake, inu m'Baibulo lanu, iwo m'lao. Mukasowa yankho nenani kuti mukafunsa, ndipo mukafunsedi kwa abusa kapena akulu a mpingo. Ngati amene wayamba kuphunzira nao ndi mwana wanu kapena mpongozi wanu, musamutukwane kapena kumumana chakudya. Nthawi zambiri anakopeka chifukwa anthu aja anamuyendera sabata ndi sabata, namuyankha mafunso amene ife tinamuuza kuti asamafunse.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Werengani Yohane 20:24-29. Tomasi anamutcha Yesu maina ati? Kodi Yesu anamudzudzula? Yerekezani ndi zimene Petro anachita pa Machitidwe 10:25-26.

2. Mungamuyankhe bwanji mwana wa zaka 12 amene wafunsa kuti, "Amama, Yesu atamwalira pamtanda, ankayendetsa dziko ndani?"

3. Sankhani nyimbo zitatu zimene kwaya ya amayi ikuimba masiku ano. Kodi zikunena chiyani za Yesu? Kodi Arius akanatha kuziimba osasintha liu ngakhale limodzi?

Atsogoleri a magulu apemphe abusa kapena mlembi wa mpingo kuti awapatse mau a Chikhulupiriro cha Nicaea, kuti pa msonkhano wotsatira tidzawerenge pamodzi mzere ndi mzere, aliyense atabwera ndi kapepala kake ka mavesi asanu ndi atatu aja.